Kuika Mawu mu Kasitima ka a Malunga

Ngati ndikukuwa, wina angokweza dzanja, nditsitsa. Sindidzimva bwino ndikamalankhula, ndipo inu akumbuyoko mukafuna kundifunsa kanthu mubwere kutsogolo kuno ndizikuonani pakamwa. Dzina langa ndine Feliyasi Zuze, ndimakhala ku Chinyonga. Akuluakulu a gulu lino andiuza kuti ndinene za mowa, ndipo ndinena, koma ndikuuziretuni kuti wangawu si umboni uja umathera ndi nthungululu. Amene mwabwera kuti mudzamve zoti ukasiya botolo zonse zimabwerera m'malo mwake, pepani, mwakwera minibasi yolakwika.

Ndinali woyendetsa sitima. Bambo anga anachokera kutsidya, ku Mozambiki, ndipo anakalamba akusenza zitsulo za njanji. Tsiku limene ine ndinakwera m'mutu wa sitima ngati dalaivala, iwo anavala jekete la kutchalitchi mkati mwa sabata n'kukaima pa siteshoni ya Limbe kuti anthu awaone. Injini ya dizilo si galimoto, abale anga. Mumakhala khoma limodzi, iyo ikubuula kumbuyo kwako tsiku lonse. Zotseka m'makutu ankatipatsa, koma ife tinkazichotsa dala, chifukwa dalaivala amayendetsa ndi khutu. Ukamakwera mtunda wochoka ku Blantyre kudza ku Limbe mabogi ali odzaza, umamva kabuulidwe kakusintha n'kudziwiratu kuti mawilo atsala pang'ono kuterereka, usanayang'ane n'komwe geji.

Makutuwo anapita pang'onopang'ono, ngati mchere m'chitini. Chaka china anatitenga kukatiyeza. Amakulowetsa m'kachipinda, amakuveka zomvera kumutu, akuti ukamva kulira udine kabatani. Ine ndinkangodina ndikaona dzanja la dokotala likugwedezeka kuseri kwa galasi. Dokotalayo anaika manja onse m'thumba, ine n'kudinabe. Basi, ntchito inathera pomwepo. Ndikudziwa kuti gonthi sangayendetse sitima, sindine mwana. Koma mpaka lero zimandiwawa kuti injini yawo ndi imene inadya makutu anga, kenako anandichotsa chifukwa chosowa makutu. Anandigwira chanza, anandipatsa wotchi yapakhoma yolira ola lililonse. Munthu wosamva, wotchi yolira.

Kunyumba ndinayamba kukhala ngati mpando. Mkazi wanga Rozina, mayi a Malita, amagulitsa zitenje mumsika wa Limbe. Akabwera madzulo n'kumandiuza za tsikulo, ine ndinkangogwedeza mutu n'kumati eya, eya, kuopa kuti adziwa kuti palibe chimene ndamva. Tsiku lina anandiuza kuti mnzake wa benchi limodzi wamwalira, ine ndinamwetulira n'kunena kuti zakhala bwino. Kuti ndimve ankayenera kukuwa, ndipo ku Chinyonga ukakuwa m'nyumba mwako wauza mzere wonse. Ndiye anachepetsa zolankhula. Anzanga a kuntchito nawo ankandipatsa moni wa dzanja ali tsidya lina la msewu. Malo amodzi okha ndi amene ndinapeza kuti ugonthi sudziwika, ndiwo pa kachasu, chifukwa pamenepo aliyense amalankhula ndipo palibe amene amamvera mnzake.

Zotsatirazo mukuzidziwa, sindikuphunzitsani. Ndinayamba ndi madzulo, ndinabwera masana, kenako m'mawa ndisanasukusule. Wailesi inapita, nsapato zanga za kuntchito zinapita, wotchi ija inapita ndipo sindinaililire. Malita, mwana wanga mmodzi yekhayo, amene amagwira ntchito mu ofesi m'tauni, anasiya kubwera ndi anzake kunyumba. Mayi ake ankandikalipira tsiku ndi tsiku, ine ndinkangotembenukira kukhoma. Ugonthi unandikomera pamenepo.

Tsiku lina masana, dzuwa lili pamutu, ndinagona pa njanji chakumtunda kwa Chichiri. Musandifunse ngati ndinkafuna kufa, chifukwa sindikudziwa. Chimene ndikukumbukira n'chakuti chitsulocho chinali chofunda, ndipo nditatsamiritsa mutu ndinamva kanthu kakunjenjemera m'fupa, ndipo kanandikoma. Amene ankayendetsa tsiku limenelo anali Jemusi, dalaivala amene ndinamuphunzitsa ndekha ntchito. Mwayi wake, unali mutu wokha wopanda mabogi. Akuti analiza hutala osasiya mpaka anthu a m'misewu yonse ya kumeneko anaima. Ine sindinamve kanthu. Ndinadzidzimuka anthu akundikoka miyendo, chitsulo chakutsogolo kwa injini chili pamwamba panga, chikudontha mafuta. Jemusi anandigwira malaya pakhosi, munthu amene moyo wake wonse ankanditchula kuti abwana.

“Madala, inu mukanapita, nanga ine mukanandisiyira chiyani? Ndikanadyanso bwanji ndi manja amenewa?”

Apolisi ananditenga, ndinagona m'chitolokosi. Kutacha mayi a Malita anabwera kudzanditulutsa, mapazi onse awiri atakulungidwa nsanza, akuyenda motsimphina. Sindinafunse chimene chinawachitikira, ndinali ndi matsire. Sanandikalipire. Sabata yomweyo analongedza katundu wawo n'kupita kwa Malita ku Soche. Malita ndi amene anandiuza, pakhomo, mokuwa kuti ndimve, oyandikana nawo onse ali m'mawindo: “Ababa, amayi akuti atopa.”

Kuyambira pamenepo ndinkafuna chinthu chimodzi chokha, choti Rozina abwerere m'nyumba mwake. Ndinatuma ankhoswe, anabwerako manja ali lende. Ndiye ndinachita chimene munthu wopusa amachita akafuna mkazi wake abwerere, ndinawonjezera mowa.

Patapita miyezi, Jemusi anandipeza m'mawa wina nditakhala pakhonde. Anagwada kuti ndimuone pakamwa. Anati kuli mkulu wina ku Kanjedza, a Malunga, amene amavutitsa anthu pa siteshoni kufunsa za kalilidwe ka injini, ndipo iye wawauza kuti apeze ine.

“Ukundinyoza, Jemusi? Za kulira akafunse gonthi?”

“Ingopitani, madala. Kuli bwino kusiyana n'kukagona pa njanji yanga.”

A Malunga ndi mkulu wa mpingo, anapuma ntchito ya mu ofesi, munthu wovala taye ngakhale ali pakhomo pake. Anandilowetsa m'galaja. Munalibe galimoto. Munali thebulo lalikulu, pamwamba pake tinjanji tozungulira, timapiri ta manyuzipepala omata ndi phala la chinangwa, kasiteshoni, ndi timitu ta sitima ta dizilo totalika ngati chikhatho changa. Mwana wawo amene ali kunja kwa dziko ndi amene amawatumizira. Ndinakwiya, ndisaname. Ine ndinakokapo mabogi a feteleza odzaza mzere wonse, lero andiitanira zidole.

Anandifotokozera pang'onopang'ono atandiyang'ana kumaso. Timitu timeneti timayendera magetsi a m'tinjanjimo, koma timayenda duu ngati mphemvu. Kuti kalire, umatsegula chikuto chake n'kuikamo kabolodi kobiriwira kochepa ngati sitampa, ndi kasipika konga batani la jekete. Mawu a injini zosiyanasiyana amakhala ali kale m'kabolodimo, iwe umangosankha ndi kusintha pa kabokosi koyendetsera. Iwo anali ataika kale m'kamutu kamodzi, koma sankadziwa kuti mwa mawu onsewo ndi ati amene akufanana ndi sitima zathu, chifukwa sanakwerepo m'mutu wa sitima.

Anayatsa. Ndinaona kanyale kakutsogolo kakuwala, koma sindinamve kanthu. Ndinagwedeza mutu monga mwa chizolowezi. Anadina kwina, ndinati eya. Anadinanso n'kufunsa kuti nanga apa.

“Apa ndiye pabwino kwambiri,” ndinatero.

Anachotsa dzanja pa kabokosi. “Ndazimitsa, a Zuze.”

Manyazi amene ndinamva pamenepo anaposa a m'chitolokosi. Ndinatola chipewa changa kuti ndizipita. Ndikutembenuka ndinaona sikuludiraiva yaitali pathebulo, ndipo dzanja linangopita lokha. Kushedi yokonzera sitima, amakaniko akafuna kudziwa chimene chikugogoda m'kati mwa injini, amagunditsa nsonga ya sikuludiraiva pa chitsulo, chigwiriro n'kuchikanikiza pa fupa la kuseri kwa khutu. Ndinagunditsa nsonga padenga pa kamutu kaja, chigwiriro pafupa langa, n'kuwauza kuti ayatsenso.

Poyamba kunabwera kukhosomola kuja injini imachita isanagwire. Kenako inagwira. Si kumva ngati kwanuku ayi, theka ndi mawu, theka ndi kunjenjemera kwa chigaza. Koma inali dizilo, ikupuma itaima, ndipo inali m'mutu mwanga. Ndinaima pamenepo nditawerama ngati munthu wopweteka msana, misozi ikugwera pa kasiteshoni ka a Malunga. Ndinalira ndi mkwiyo. Zaka zonsezo palibe dokotala, palibe bwana, palibe mbale amene anandibwezera ngakhale kachidutswa ka zimene ndinataya, lero chidole cha mwana wa eni ndi chimene chikundibwezera.

A Malunga sanandisisite paphewa. Anadikira, kenako analoza kamutuko. Dzanja langa linkanjenjemera kwambiri moti nsonga ija inali itakanda penti padenga.

“Dzanja lanulo likuimba nyimbo yakeyake,” anatero. “Nanga injiniyi mwaimva bwanji?”

Ndinawauza kuti mtima wake ukuthamanga kwambiri, yathu ikaima imapuma mwaulesi kuposa pamenepo. Anasintha, ndinamvera, anasinthanso, mpaka tinapeza yoyandikira. Kenako anakakweza pa timawilo toyesera, pamene kamathamanga kali malo amodzi, ndipo ndinaona vuto lina: mawilo ankayamba kuzungulira nthawi yomweyo mawu akukwera. Dizilo siyenda choncho. Imayamba yabuula, imadzikoka mphamvu, iwe n'kumadikira, kenako ndi pamene imasuntha. Iwo ankadziwa podina kuti kachedwe, ine ndinkadziwa kuchedwa kwake. Tinaweruka dzuwa litapendeka, ndipo ndinazindikira ndili panjira kuti tsiku lonse sindinalawe kanthu. Ndinakalawa madzulo omwewo, musaganize kuti ndinasanduka mngelo.

Ulendo wotsatira anati andiphunzitse kuika kabolodi m'kamutu kachiwiri. Timawaya take n'topyapyala ngati tsitsi, ndipo umatilumikiza ndi kadontho ka mtovu wosungunula. Podziwa za dzanja langa, ndinadzera kaye kwa mayi wina amene ndinkagulako kachasu kuti ndilikhazike pansi, n'kutafuna mtedza kubisa fungo. Dzanja linakhazikikadi, koma maso ndi amene ankasambira. Ndinagunditsa waya wa kasipika ndi waya wa magetsi a m'njanji. Titayatsa, kunatuluka kautsi kochepa ngati ka machesi, basi. Kabolodi kamene anakadikira miyezi kuchokera kunja kanafera pomwepo.

A Malunga anazimitsa magetsi, anakoka mpando n'kukhala moyang'anizana nane.

“A Zuze, ine si m'busa wanu, ndipo za moyo wanu sindilowererapo. Koma m'galaja muno simudzalowanso mutamwa. Mukafuna kumva injini, muzibwera muli owuma. Mukalephera, musavutike n'kubwera.”

Wamva m'mimba ndiye amatsekula chitseko. Palibe amene anandipempherera kuti ziwanda zituluke, palibe kuwala kumene ndinaona. Ndinangopezeka kuti ndili ndi zinthu ziwiri zolowa m'mutu mwanga, mowa ndi mawu a injini, ndipo chimodzi chinkatseka khomo la chinzake.

Tsopano mumve zimene ndinachita, mwina wina zimuthandiza. Ndinayesa kusiya ndekha m'nyumba, ndinayamba kuona zinthu zikuyenda pakhoma, thupi lonse likugwedezeka, ndipo anali Jemusi amene anandinyamula kupita nane kuchipatala. Kumeneko anandiuza kuti munthu amene wamwa kwambiri kwa nthawi yaitali akasiya mwadzidzidzi popanda thandizo akhoza kufa nako kusiyako. Ndiye inu amene mwafika pomanjenjemera m'mawa, yambirani kuchipatala, musachite zaukatswiri. Nditatuluka ndinasintha njira. Kuchoka kwathu kupita pa siteji, njira yachidule imadutsa pakhomo pa mayi uja, ndipo ine ndimazungulira ngakhale kugwe mvula. Nthawi imene khosi linkandivuta kwambiri inali masana, ndiye masana ndinkaonetsetsa kuti manja ali pa ntchito m'galaja muja. Ndinagwanso kamodzi, pa maliro a mnzanga wa kuntchito, ndipo ndinakhala sabata yathunthu osayerekeza kupita ku Kanjedza. Nditapita ndinanena ndekha asanandifunse.

Chovuta kuposa zonsezi chinali kuphunzira kunena kuti sindinamve, bwerezani. Mawu ochepa chonchi ankandilemera kuposa botolo. A Malunga ankati ndikangogwedeza mutu, iwo amasiya zonse n'kundiuza kuti ndibwereze zimene anena. Ndikalephera, ankabwereza osaseka.

Dzanja linayamba kumvera. Kabolodi kena katafika ndinakaika ndekha, waya uliwonse ndikuukulunga tepi kuti usakhudzane ndi unzake. Ndinaphunzira kuti kasipika kakakhala pamtunda kamangolira ngati udzudzu, kamafuna kutsekedwa kumbuyo kuti mawu anenepe. Tinayesa zambiri, koma chimene chinakwana bwino chinali kachitsekerero ka timabotolo tija ndinkamwa, titakadula pang'ono n'kukamata. Ndi chinthu chokhacho chaphindu chimene ndinapezapo m'botolo. Pansi pa kathanki ka mafuta ka kamutuko tinaboola timabowo kuti mawu azitulukira. Tinaika kulira kwa mabuleki, tinaika kupuma kwa mpweya. Alendo a a Malunga akabwera ankaombera m'manja, ine ndinkangoona manja akugundana.

Chaka chitatembenuka ndili wowuma, ndinapempha Malita kuti abwere ndi mayi ake Loweruka lina masana. Ndinali nditakonza chinthu. Madalaivala tinali ndi chizolowezi choti aliyense amakhala ndi kalizidwe kakekake ka hutala akamayandikira Limbe, kuti akunyumba adziwe kuti wafika. Kanga kanali kulira kwakutali kumodzi ndi kwakufupi kuwiri, ndipo Rozina akamva ankatereka madzi osamba. Ndinasankha hutala wofanana ndi wa injini yanga yakale, ndinayeserera masiku ambiri ndi sikuludiraiva pafupa. Mumtima ndinkati akangomva zimenezi, mawa lake katundu wake ali ku Chinyonga.

Anabwera atavala chitenje chatsopano, atanenepako, akuoneka bwino kuposa mmene ankaonekera ali ndi ine, ndipo zimenezo zinandibaya. Anapereka moni kwa a Malunga mwaulemu. Ndinayatsa kamutu kaja, kanabuula, kanadikira, kanasuntha. Katafika pokhota, ndinaliza hutala wanga.

Rozina anagwira m'mphepete mwa thebulo. Nkhope yake inachita ngati munthu amene waponda munga. Anauza a Malunga kuti azimitse, kenako anatuluka panja. Ndinamutsatira mpaka pageti, Malita anatsala m'mbuyo. Analankhula atayang'ana kumsewu, ndipo ndinangoona tsaya likugwedezeka. Kale ndikanati eya.

“Sindinamve, mayi a Malita. Bwerezani.”

Anatembenuka, anandiyang'ana ngati akundiona koyamba. Kenako anayandikira pafupi, n'kulankhula pang'onopang'ono, mokweza, osasamala za anthu odutsa.

“Ndati mwachita bwino kusiya mowa, bambo a Malita, ndipo musadzayambirenso. Koma hutala ameneyo musadzandilizirenso. Tsiku lija anthu anabwera pa benchi langa kudzandiuza kuti sitima yakudulani. Ndinathamanga kuchoka mumsika mpaka ku Chichiri, nsapato ndinazitaya panjira, miyala ya m'njanji inanding'amba mapazi. Njira yonseyo ndinkalira maliro anu, mokuwa, anthu akundigwira. Nditafika anandiuza kuti muli moyo, mwangoledzera. Ine ndinakulirani kale. Sindingathe kudzakuliraninso kachiwiri, ndipo sindingagone m'nyumba imene ndizidzadzidzimuka sitima iliyonse ikalira. Sindibwerera.”

Ndinamva mawu onse, limodzilimodzi. Kwa zaka zambiri sindinamvepo mkazi wanga bwino chonchija.

Ndinafuna kumuuza kuti ndasintha, koma anali atanena kale yekha kuti ndasintha, ndiye panalibe chotsutsa. Anandigwira chanza ndi manja awiri monga amachitira kwa mlendo wolemekezeka, anaitana Malita, anapita kukakwera minibasi ya ku Soche.

Madzulo amenewo miyendo inanditengera njira yachidule. Ndinaima pakhomo pa mayi uja, anzanga akale akundikodola, wina atakweza kale kapu. Ndinali ndi chifukwa chabwino kuposa zifukwa zonse zimene ndinamwerapo. Chimene ndinasiyira mowa chinali chitapita pa minibasi. Ndinaima pamenepo mpaka mayiyo anatuluka kudzafunsa ngati andithirire. Ndinamuuza kuti ayi, ndinabwerera m'mbuyo n'kukazungulira njira yaitali. Sindinganene kuti ndinachita zimenezo chifukwa cha mphamvu. Ndinangoona kuti ndikalowa, ndiye kuti mawa wina akathamangiranso pa benchi lija, ndipo mapazi aja anachira movutika.

Ndikukhalabe ndekha. Ndimachapa ndekha, ndimadwala ndekha. Ku Kanjedza ndimapitabe, tikuika mawu m'kamutu kena, ndipo hutala ndimasiyira a Malunga. Malita amabwera Lamulungu. Mayi ake tikakumana mumsika timapatsana moni, amandifunsa ngati ndadya, n'kutembenukira kwa kasitomala. Ndikadali wokwiya, ndi injini, ndi amene anandipatsa wotchi, ndiponso ndi Feliyasi Zuze, koma ndimakwiya ndili wowuma.

Musaombe m'manja, sindimva n'komwe. Inu amene kunyumba kwanu kukadali munthu wokukalipirani mukalowa mukununkha, kaya ndi mkazi, kaya mwamuna, kaya mwana, tikatuluka muno pitani mukakhale pansi akukalipireni, ndipo mukamvetsere. Wanga anasiya kukalipa.